Dongo Losadziwa Moto

Agogo anga aakazi, amene anabala amayi, anali woumba mbiya wodziwika m'midzi ya kwathu, ndipo ine, pokhala mwana wamwamuna amene mwambo sunamlole kukhala pa ntchito ya amayi, ndinali kupeza zifukwa zambiri zokhalira pafupi nawo, pena kuwatungira madzi, pena kuwatolera makungwa ootchera, kufikira iwo anatopa nako kundipirikitsa, nandilola kukhala pa mthunzi womwewo pamodzi ndi alongo anga. Sindikumbukira kuti anaphunzitsapo munthu ndi mawu ochuluka. Mlongo wanga wamkulu akamakweza khoma la mphika, iwo anali kuyang'ana kumbali monga ngati alibe nazo kanthu, koma khomalo likayamba kupyapyala mbali imodzi, anali kutambasula manja awo, naika zala zawo pamwamba pa zala za mwanayo, dzanja lina mkati lina kunja, nakanikiza pang'ono pokha, nafunsa kuti, "Wamva?" Mwanayo akavomera, anali kuchotsa manja awo nabwerera ku mtsuko wawo. M'chinenero chathu liwu limodzi lomweli limatumikira khutu, khungu ndi mtima, pakuti timamva mawu, timamva kuzizira, timamvanso mwambo. Ndipo ndikhulupirira kuti agogo pofunsa chotero anali kufunsa zitatu zonsezo pamodzi.

Ndakumbukira liwu limenelo chifukwa cha nkhani imene yakhala ikukambidwa pakati pa aphunzitsi a zaluso m'maiko akutali, makamaka chiyambire chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu pa dziko lonse, ndipo iwo amene ntchito yawo ndiyo kuphunzitsa kuumba ndi kusema anapezeka ali m'nyumba zawo, akuyang'ana pa Zoom ophunzira awo alikusendeza chibuma cha dongo ku kamera kuti aphunzitsi anene ngati chafewa mokwanira. Wophunzitsa masamu kapena mbiri yakale anataya pang'ono m'masiku amenewo, popeza mawu ndi manambala amayenda bwino pa waya; koma wophunzitsa ntchito ya manja anali ngati munthu wouzidwa kuti alawe mchere m'ndiwo zimene zili tsidya lina la mtsinje. Tsono alipo anthu amene akunena kuti mankhwala a vuto limeneli anapezeka kale, ndiwo makina obwezera kukhudza m'dzanja la munthu, amene eni ake amawatcha haptics potengera liwu la Chigiriki lonena za kugwira. Ndipo akuti makinawa akadzafala, mwana wa ku Lilongwe adzaphunzira kusema kwa mmisiri wa ku Florence wosakwera ndege. Inde, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mutu ayenera kuyamba wafunsa kuti kalumoko kameta pati.

Chipangizo chimene chinatsegula njira chinapangidwa m'chaka cha 1993 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, ndi mnyamata wophunzira dzina lake Thomas Massie pamodzi ndi mphunzitsi wake Kenneth Salisbury, nachitcha PHANToM. Maonekedwe a chipangizochi ndi a kamkono kokhazikika pa tebulo, kopindika ngati chigongono, ndipo kunsonga kwake kuli chogwirira chonga cholembera. Munthu akagwira chogwiriracho nachiyendetsa m'malere, kompyuta imawerenga pamene nsonga yafika, niyerekeza malowo ndi chithunzi cha chinthu chimene yasunga. Nsonga ikakhala kunja kwa chithunzicho dzanja limayenda momasuka, koma ikangoti yalowa m'thupi lake, timamota titatu timakankha dzanja kulibweza, ndipo munthu akalimbikira kulowa mkati, kukankhako nakonso kumakula. Chozizwitsa chili pa liwiro lake. Diso la munthu limanyengeka msanga, kotero kuti zithunzi 24 zosinthana pa sekondi imodzi zimakwanira kuti tione kanema akuyenda. Koma dzanja ndi lochenjera koposa, ndipo kuti livomere kuti lagunda chinthu cholimba, makinawo ayenera kufunsa ndi kuyankha ka 1,000 pa sekondi iliyonse, apo ayi khoma limamveka ngati likunjenjemera, kapena ngati phala. Kampani imene Massie anayambitsa, ya SensAble Technologies, inatulutsa m'chaka cha 1999 pulogalamu yotchedwa FreeForm, imene inaika pa galasi la kompyuta chibuma cha dongo choti munthu nkuchipala, kuchikumba ndi kuchisalaza akuchimva m'dzanja. Ndipo chinkana eni ake asintha kangapo, opanga zidole, nsapato, mphete ndi mano oikirira akugwirabe nayo ntchito.

Ndinachigwirapo kamodzi chipangizo cha mtundu umenewu pa chionetsero china kunja kwa dziko lino, ndipo chinandigwira mtima ndithu. Pa galasi panali mpira wa dongo, pa tebulo panalibe kanthu koma kamkono kaja. Ndinayendetsa chogwirira m'malere, ndipo mwadzidzidzi dzanja langa linaima monga ngati lagunda dzungu. Ndinasuzumira pansi pake, ndinaona mpweya wokhawokha. Nditakanikiza, nsonga inamira pang'onopang'ono nisiya kadzenje, ndipo poikokera chammbali ndinaimva ikukwera pa mlomo wa kadzenjeko nitsikira kuseri. Pobwerera kumene ndinagona, ndinali kulingalira za Isake, amene atakalamba, maso ake atachita mdima, anakhulupirira manja ake koposa makutu ake, napapasa zikopa za tiana ta mbuzi zimene Rabeka anakulunga pa manja a Yakobo, napereka dalitso kwa mwana amene sanamkonzere. Dzanja nalonso limanyengeka, lingakhale la kholo lodziwa ana ake. Ndipo umisiri wonse wa haptics wamangidwa pa choonadi chimenechi, kuti thupi likapatsidwa chizindikiro choyenera pa nthawi yoyenera, mtima umavomera kuti chinthucho chilipo.

Zilipo ntchito zimene chinyengo chotere chili chifundo chenicheni, ndipo ndingachimwe kuzibisa. Ophunzira udokotala wa mano ku Amsterdam ndi kwina amayamba kuboola dzino la m'chithunzi pa makina otchedwa Simodont, akumva kusiyana kwa polimba ndi powola, asanaloledwe kuyandikira pakamwa pa munthu. Ndipo dokotala wa ziweto Sarah Baillie anapanga ku Glasgow ng'ombe yochita kupanga, imene wophunzira amapisamo dzanja namva chiberekero ndi ziwalo zina, mphunzitsi alikutsata pa galasi pamene chala chafika, chinthu chimene pa ng'ombe yamoyo sangathe kuchiona. Kumeneko cholakwa cha wophunzira chikadagwera pa cholengedwa chomva kuwawa, choncho nkoyenera kuti ayambe walakwa pa chithunzi. Kuumba kuli ndi njira ina, pakuti mphika wowonongeka supweteka munthu, ndipo kuwonongeka kwakeko ndiyo sukulu imene woumba aliyense anadzeramo.

Ndili pa chionetsero paja, nditatha kuzizwa, ndinafuna kuchita chimene mdzukulu aliyense wa woumba amachita wosaganiza, ndicho kuchirikiza mpirawo ndi dzanja lamanzere pamene lamanja likukumba. Dzanja lamanzere linapita, linafika, ndipo silinapeze kanthu. Chipangizocho chimakhudza dziko lake pa nsonga imodzi yokha, monga munthu wopapasa m'chipinda chamdima ndi ndodo, pamene akuluakulu ananeneratu kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Khoma la mbiya limamveka pakati pa zala za mkati ndi zala za kunja, ndipo kukula kwake kumadziwika ndi mpata umene watsala pakati pa izo. M'chikhatho ndi m'zala za dzanja limodzi muli timitsempha takumva pafupifupi 17,000, tina tomva kukanikiza, tina kuterereka, tina kunjenjemera, tina kukokeka kwa khungu, osawerengera tomva kuzizira ndi kutentha. Ndipo ndi pamodzi ponsepo pamene woumba amadziwira kuti dongo lamwa madzi okwanira, kuti muli kamwala kobisala, kuti mchenga wachepa. Kachipangizo kamene kafala koposa kamakankha ndi mphamvu yosafika pa kulemera kwa theka la kilogalamu, ndipo malo amene nsonga yake imayendamo ndi aakulu ngati njerwa imodzi. Nanga wosema mtondo kapena bwato, amene amaponya sompho ndi phewa, msana ndi chiuno, adzatolapo chiyani pamenepo? Akubwera magolovesi, monga a HaptX ndi a SenseGlove, amene amagwira chala chilichonse pachokha, ndipo sindikayika kuti adzanka nakoma chaka ndi chaka, popeza anthu amene akuwapanga ndi anzeru ndi akhama.

Komatu tiyerekeze kuti zonsezi zakonzedwa, ndipo zala khumi zonse zapatsidwa chakumva chawo. Mlandu waukulu utsalabe, ndipo uli pa dongolo. Dongo la m'kompyuta lilibe kulemera, kotero kuti munthu akhoza kuumba njovu yoima pa mwendo wa udzudzu, ndipo sidzagwa. Siliuma, kotero kuti akhoza kulisiya lero nadzalipeza chaka chamawa lili lofewa chimodzimodzi. Silidziwa moto. Ndipo koposa zonse lili ndi batani lobwezera m'mbuyo, limene limafafaniza cholakwa chilichonse monga ngati sichinachitike. Mneneri Yeremiya atatsikira ku nyumba ya woumba anaona chotengera chowonongeka chikuumbidwanso, ndipo nzoona kuti dongo limakhululuka. Koma limakhululuka likadali lonyowa, ndipo chifundo chake chili ndi nyengo yake, imene dzuwa ndi mphepo zimaifupikitsa, moto nuitseka.

Ndikumbukira tsiku limene mphika woyamba wa mlongo wanga unalowa pa moto. Unali utakhala masiku ambiri ukuuma mumthunzi, mwini wake alikuuzonda m'mawa ndi madzulo, ataukulungiza ndi kamwala kosalala kufikira unanyezimira. Madzulo ena opanda mphepo agogo anasanja mbiya zonse, naziunjikira makungwa ndi nkhuni, nayatsa. Ndipo moto utakolera tinamva kuti phu! mkati mwa mulu, tonse tinayang'anana, koma agogo sanatembenuke. Phulusa litazizira anafukula mapale ndi kamtengo, natola la pansi pa mphika, nalitembenuza kuti tione m'mene linakulira, pafupifupi kawiri kuposa khoma lake, kotero kuti kunja kunauma koma mkati munatsala chinyezi chimene moto unachisandutsa nthunzi. Anaika phalelo m'dzanja la mwanayo, amene anali kulira, nafumbatitsa zala zake pa ilo, wosanena kanthu. Madzi akatayika saoleka. Ndipo mlongo wanga, amene waumba mbiya zosawerengeka chiyambire tsiku limenelo, sanasiyenso dongo lochuluka pansi pa mphika. Chimene anaphunzira chinali mantha oyenera, ulemu umene mmisiri amapereka kwa chinthu chimene chikhoza kumkana. Ndipo ulemu wotere sindiona m'mene ungamerere mwa wophunzira amene dongo lake silinamkanepo.

Pa mtengo ndi pa mwala mlanduwu umakula, pakuti kumeneko chimene wachotsa wachotsa. Pamene Michelangelo, ali ndi zaka 26, anapatsidwa m'chaka cha 1501 mwala umene anasemamo chifanizo cha David, mwalawo unali utayambidwa kale ndi amisiri ena nusiyidwa zaka zambiri, wautali, wopyapyala, wogobedwa kale malo ena. Ndipo chifanizo chimene anatsiriza m'chaka cha 1504 chinayenera kukwana m'malire amene mwala ndi zipsera zake zinamuikira. Kufupi kuno, ku Tengenenge m'dziko la Zimbabwe, kumene Tom Blomefield anasandutsa munda wake wa fodya kukhala mudzi wa osema miyala m'chaka cha 1966, ambiri mwa oyamba anali antchito a pa munda ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Ndipo Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia amene zosema zake zinafika m'maiko ambiri, anayamba ndi kukumba miyala yoti anzake asemepo, nadziwa kulemera kwake ndi ming'alu yake asanagwire tchizulo. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, osema ziboliboli akhala akuphunzira mwa kukhala pambali pa anzawo, zibanthu zikugwera pa mapazi awo. Anthu otere amagogoda mwala namva ngati uli ndi mng'alu mkati, amayang'ana chipika cha mlombwa nadziwa kumene mpeni udzayenda ndi kumene udzang'amba, ndipo akapeza mfundo kapena mphako pamene anafuna kuika tsaya, amasintha maganizo awo namvera mtengo. Chipika cha m'kompyuta chili chimodzimodzi monsemonse, chilibe chilala chimene chinapirira kapena nthambi imene chinataya, ndipo sichingauze mmisiri kanthu kamene iye sanali kukadziwa kale.

Otsutsana nane adzati phindu lenileni lili pa mphunzitsi, kuti dzanja lake lidzafika kutali. Ndipo apa ndipo mtima wanga umakopeka koposa, chifukwa ndicho chimene agogo anali kuchita. Zinayesedwapo. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku MIT ndi anzawo a pa University College London analumikiza zipangizo ziwiri kudutsa nyanja ya Atlantic, ndipo anthu awiri ananyamulira pamodzi kabokosi ka m'chithunzi, yense akumva kukankha kwa mnzake. Koma chimene chinawasautsa ndicho kuchedwa kwa uthenga pa njira, ndipo kuchedwa kumeneku kuli ndi malire amene nzeru za munthu sizingawasunthe. Kuwala kumayenda m'zingwe za intaneti makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku London kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 8,000. Chotero ngakhale chingwe chikadawongoka ngati muvi, chosazungulira m'nyanja monga chichitira, uthenga wopita ndi kubwera ukadatha nthawi imene chipangizo chija chafunsa ndi kuyankha ka 80. Pa kukambirana kuchedwa kotere sitikuzindikira nkomwe, koma manja awiri ogwirana amakumva, pakuti mphunzitsi amakankha pamene wophunzira wachokapo kale, ndipo makina amayamba kugwedezeka ndi kulimbana okhaokha.

Palinso china chimene ndinachizindikira nditakula. Agogo poika zala zawo pa zala za mwana sanali kupereka kokha, anali kulandiranso. Anali kumva kunjenjemera kwa mantha, kuuma kwa dzanja louma mtima, kufulumira kwa mwana amene maganizo ake ali kumasewera, ndipo anali kuyesa kukanikiza kwawo molingana ndi zimene amva. Ndiponso anali kudziwa nthawi yochotsa manja. Makina okoka dzanja la wophunzira m'njira imene mphunzitsi anajambuliratu adzamkoka mosatopa, kakhumi, kazana, ndipo mwana wogwiridwa dzanja masiku onse polemba amalemba bwino kufikira tsiku limene adzasiyidwa yekha.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali yakenso. Chipangizo chotere pamodzi ndi pulogalamu yake chimagulidwa ndi madola zikwi, chimafuna kompyuta yamphamvu, magetsi osazimazima ndi intaneti yosadukaduka, pamene dongo lili kudambo ndi pachulu, losafuna msonkho, loyembekeza khasu ndi dengu. Ndimaopa tsiku limene sukulu ina idzadziyesa yotsalira chifukwa ilibe makina amenewa, nidzatsanulira chuma chake chochepa pa kamkono kamodzi koti ana 60 azikadikira pa mzere, pamene kuseri kwa mpanda wa sukulu yomweyo kuli mayi wokalamba amene manja ake akudziwa zonse zimene makinawo akuyesa kutsanzira, ndipo palibe anamuitanapo kuti adzakhale ndi ana tsiku limodzi pa sabata. Amene ali kutali ndi mphunzitsi, apatsidwe dongo lenileni m'manja ndi foni yoonetsa manja a mmisiri pafupi, aumbe, aotche, aswe, atumize chithunzi cha mapale. Adzapita patali koposa mnzake amene wasalaza mipira chikwi pa galasi.

Sindifuna kuti makinawa atayidwe, pakuti ndikuona ntchito ziwiri zimene palibe china chingazigwire. Michael Naranjo, mmisiri wa ku New Mexico amene anataya maso pa nkhondo ya ku Vietnam m'chaka cha 1968, anachita kupatsidwa chilolezo chapadera ndi kumangiridwa nsanja kuti apapase David wa Michelangelo. Koma chifanizo chikajambulidwa mbali zonse nichisungidwa m'kompyuta, mwana wosaona wa kulikonse akhoza kuyendetsa dzanja pa mphumi pake ndi pa milomo yake, zimene m'nyumba zosungiramo zinthu zakale saloledwa kuzikhudza ngakhale openya. Ntchito inayo ndiyo imene imandisowetsa tulo. Chipangizo chimene chikhoza kukankha dzanja chikhozanso kulemba m'mene dzanja layendera, liwiro lake, kupendeka kwake ndi poima pake, ndipo magolovesi akhoza kutero pa chala chilichonse. Mawu a okalamba tinaphunzira kuwasunga pa tepi, nkhope zawo pa zithunzi, koma nzeru za m'manja mwawo zakhala zikuikidwa m'manda pamodzi ndi eni ake. Ndipo m'masiku ano, pamene ndowa za pulasitiki ndi mapoto achitsulo zalanda malo a mtsuko ndi nkhali, manja amenewo akuchepa msanga. Eni makina akadafuna kumva uphungu wanga, ndikadawapempha kuti asanatitumizire aphunzitsi a kutali, ayambe abwera kudzalemba manja amene ali kuno, kuti mtsikana wa mtsogolo, amene waswa kale miphika makumi awiri ya dongo lenileni ndipo wadziwa chimene akufunafuna, adzathe kumva m'zala zake m'mene khosi la mtsuko linali kupindidwira.

Mlongo wanga uja, amene lero mudzi wonse umawatchula agogo, akuumbabe, ngakhale maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndipo mwa adzukulu awo palibe amene wakhala nawo pansi pa ntchitoyo kufikira dzuwa kupendeka. Ulendo wapitawu ndinawapeza pa mthunzi alikutsiriza mtsuko, ndinakhala pambali pawo ndi kuwafotokozera za kamkono kaja ndi dongo lake losauma. Anamvetsera zonse mwaulemu, osasiya ntchito yawo, kenaka anatenga manja anga onse awiri, naika lina mkati mwa khosi la mtsuko lina kunja, dongo lili lozizira ndi loterera, naphimba zala zanga ndi zawo, nakanikiza pang'ono pokha, nati, "Mwamva, achimwene?" Ndinakhala chete nthawi yaitali, zala zanga zili pansi pa zawo, chifukwa kukanikiza kumene ndinamva kunali kwa agogo aja amene tinawaika zaka zambiri zapitazo.